Mchenga wa Kutsidya kwa Ganga

M'mawa wachitatu chifikireni mumzinda wa Kashi, Urmila anapeza mchenga kumapazi kwa bambo ake. Unali woyera, wonyowa, utalowa mpaka m'mipata ya zala. Ndiye taganizani, a Shyamlal anali atatha zaka zinayi osaponda pansi, miyendo itafota ngati mapesi.

Anawabweretsa kudzamwalira, monga amachitira ana ambiri, m'nyumba ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Ganga yosungira okalamba odikira imfa. Ndani sadziwa kuti wofera tsidya lino, kumene kuli akachisi, wamasuka ndipo sabadwanso? Koma wofera tsidya linalo, pamchenga popanda ngakhale chisakasa, amabadwanso bulu. Mayi ake a Urmila anafera komweko zaka khumi zapitazo, akudikira bwato lomwe linachedwa. Urmila analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso pamtundu pawo.

Anapita kwa a Tiwari, oyang'anira nyumbayo, mchenga uli m'manja. Mkuluyo anaufikisa m'zala, nkhope n'kugwa.

"Kuno kuli matope ndi miyala basi, mwana wanga," ananong'ona. "Uwu ndi wakutsidya. Usauze munthu."

Chinsinsi ku Kashi? Ha! Pofika masana amayi ogulitsa maluwa pamasitepe otsikira kumtsinje anali akunena kale kuti malemu akumabwera kudzatenga mwamuna wawo. Asodzi ena ankati akumaona bulu ataima yekha pamchengapo, malo oti palibe amaweta ngakhale mbuzi.

Usiku wotsatira Urmila anati sagona. Mabelu a m'kachisi anatha, agalu anauwa n'kutopa, kunangotsala fungo la utsi wochokera kootchera mitembo ndi madzi akumenya pamiyala pang'onopang'ono. Tulo tinamuba. Podzidzimuka kunali kutacha, bulangete la bambo ake likununkha mtsinje, mchenga uli pomwe paja.

"Bambo, mukumapita kuti?"

"Ine? Ndi miyendo iti? Tandipatsa madzi, iwe."

Urmila anakwiya, ndipo mantha anachepa. Madzulo ake anagona chafufumimba, tsabola wowawa ali m'kamwa, tulo tikamabwera n'kumaluma. Misozi inkatsika koma sanagwedezeke.

Pakati pa usiku chitseko chinalira. Munalowa munthu wopanda nsapato, wonunkha nsomba, n'kubereka nkhalambayo kumsana mosavuta ngati wozolowera. Urmila anawatsatira mumdima, akupapasa khoma, mpaka pansi pa masitepe, pomwe panali bwato. Bwato litangoyamba kusuntha, anadumphiramo.

Apa m'pamene anamuzindikira wopalasayo. Anali Chedi, mwini bwato lochedwa lija.

"Iwe Chedi! Mayi anga sanakukwane?"

"Musiye," anatero a Shyamlal, mawu akutuluka movutikira. "Anabwera kudzandipepesa iwe utapita kokagula mankhwala, ndiye ndinamupempha ndine. Tikumakadikira uko mpaka m'bandakucha, koma imfa ikundizemba."

"Mukufuna mubadwe bulu?"

"Mayi ako ali okha zaka khumi. Ine ndimasuke, iwo azimenyedwa zikwapu? Ayi."

"Ndinalumbira, bambo!"

"Unalumbira wekha. Ine sunandifunse."

Anali atadutsa kale pakati pa mtsinje. Nyali za mumzinda zinkaoneka zing'onozing'ono kumbuyo, kutsogolo mchenga ukuyera mbuu m'chifunga. Kenaka kupuma kwa nkhalambayo kunasintha, kukhosi kukulira ngati madzi akuwira. Urmila anali atakumvapo kupuma kotere m'zipinda zina za nyumba ija, ndipo anadziwa kuti nthawi yakwana.

Anamukankha Chedi n'kulanda nkhafi. Sanapalasepo chibadwire, bwato linkangozungulira, koma analimbana nalo mano atakukuta, zikhatho zikusupuka, mpaka mphuno yake inaloza kumzinda.

"Mwana wanga, chonde," anatero bambo ake.

Sanawayang'ane. Anapalasa mpaka bwato linagunda mwala. Anawakokera pamasitepe yekha, n'kuwadonthezera madzi a Ganga m'kamwa. Anamwalira pomwepo, tsidya loyenera, maso ali kumchenga.

A Tiwari anatsika ndi nyali. "Wachita zazikulu, mwana wanga. Amasuka, sadzabwereranso."

Asanamalize, kutsidya kunamveka bulu akulira. Kunali kulira kwautali, kosasa, kodukaduka, ndipo agalu onse a pamasitepe anangoti zii.

Chedi anavula nsalu ya kumutu. "Masiku onsewa bulu ameneyu amabwera n'kugona pamapazi awo, osalira ngakhale kamodzi," ananong'ona. "Lero wationa tikubwerera."

Urmila anakhala pamwala pambali pa mtembo, magazi akudontha m'zikhatho. Lumbiro lake anali atalikwaniritsa. Kunacha, oyamba kudzasamba anafika ndi maluwa awo, koma buluyo anali akulirabe.