Chala Chachisanu ndi Chimodzi cha Mma Sanatu

Tsiku limene zinayamba, Mma Sanatu ankatsekera nkhanga zawo m'khola, dzuwa litangolowa. Ndinkawaona ndili pa benchi panga, poti nyumba zathu zinagundana mipanda. Anali mkazi wamkulu wa malemu mkulu wanga, wopanda mwana wamoyo, ndipo chimene anatsala nacho ndi nyumba ya malata ya zipinda ziwiri ija basi. Nkhanga zinakana kulowa. Zinaunjikana pakona zikulira ngati zaona njoka, ndipo mphepo inabweretsa fungo la chikopa chowauka, ngakhale palibe amene ankawotcha kanthu.

"Alamu, mukulimva?" anandifunsa.

"Ndikulimva. Lowani m'nyumba."

Sabata yomweyo mdzukulu wa Napari, mkazi wachiwiri wa mkulu wanga, anatentha thupi m'mawa, pofika madzulo anali atapita. Kenako mtsikana wina anagwa pa mjigo ndowa ili pamutu, osadzukanso. Anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati amamva chinthu chikuyenda pa malata, ena ankati mapazi a pamanda ndi oloza kumudzi okhaokha, opita kumeneko palibe. Akazi anasiya kupita kukatola mtedza wa shea, woyengera mafuta uja, ali okha. Aliyense ankafuna dzina loti alitchule.

Ine ndine Dawuni. Ndajambula anthu a mudzi uno zaka makumi atatu, maukwati awo, ana awo, ziphaso zawo, ndi kamera ya filimu, ndikutsuka ndekha zithunzi m'kachipinda kamdima. Pamene kunabwera mafoni anandiiwala ngati nsapato yakutha. Ana amene ndinawajambula ali maliseche pamkeka lero amanditchula Mdala Filimu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwala ndimakudziwa kuposa onsewo.

Lachisanu titatuluka mu mzikiti, Sumani mwana wa Napari, amene anali atangobwera kuchokera ku tauni, anakweza foni m'mwamba. Pasanathe ola chithunzicho chinali m'foni iliyonse. Chinkaonetsa Mma Sanatu atanjuta pamanda usiku, atagwira kamphika kofuka utsi, maso akuwala ngati a mphaka. Gulu linalunjika pakhomo pawo. Akazi ankakuwa, anyamata atatola miyala.

Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. "Tandipatsa ndione."

"Mba Dawuni, iyi si filimu yanu ija. Musaipake malovu," anatero Sumani. Anthu anaseka, ngakhale anali ndi ukali.

Ndinachikulitsa ndi zala monga amachitira iwowo. Mnzanga wina wojambula ku tauni anandionetsapo kale zoterezi: kuli makina oti umangowauza zimene ukufuna, iwo n'kukupangira chithunzi cha chinthu chimene sichinachitikepo. Amanamiza diso lothamanga, koma ntchito yawo ndi yaulesi.

"Ichi sichinajambulidwe ndi kamera, n'chopanga ndi makina otha kupanga chilichonse," ndinatero. "Werengani zala za dzanja lagwira mphikali. Zisanu ndi chimodzi. Alamu, kwezani manja."

Mma Sanatu anakweza manja awo. Zala zisanu uku, zisanu uku.

"Mwamva!" anakuwa Napari. "Chinacho amachibisa masana! Chimenecho ndiye anatsinira mdzukulu wanga!"

"Mayi inu, tamverani. Onani chithunzithunzi cha mtengowu chagwera kumanja, cha munthuyu chagwera kumanzere. Mwezi ulipo umodzi."

"Mfiti imayenda ndi mwezi wake," anayankha wina kumbuyo.

"Nanga manda awa? Ali ndi zipilala za simenti, zolembedwa zilembo zosawerengeka. Kuno timaika anthu chonchi? Manda athu ndi mulu wa dothi chabe!"

"Ndiye kuti amauluka mpaka kumanda a kutali! Amayi ine, watha anthu angati mkazi ameneyu?"

Chilichonse chimene ndinawaonetsa kuti ndi bodza, iwo anachisandutsa umboni. Ndinkawapatsa ndekha miyala yoti agendere mlamu wanga. Anthu a mudzi uno ndi otero: mutu amangonyamulira nkhuni.

Kenako ndinayang'anitsitsa nkhopeyo. Inalibe makwinya. Duku lake linali la madontho, lomangidwa mfundo kumanzere. Nkhope imeneyo ndinaijambula ndine, zaka makumi awiri zapitazo, tsiku la Idi. Ndinatsuka chithunzi chimodzi chokha, ndipo chinkapachikidwa m'chipinda cha mkulu wanga mpaka tsiku la maliro ake, pamene Napari anasesa katundu yense wa m'menemo.

"Nkhope iyi yabedwa pa chithunzi changa," ndinatero mokweza. "Chithunzicho chili m'bokosi mwa Napari. Sumani, ukufuna kukwatira ndipo ulibe nyumba ya malata. Ndikunama?"

Ndinaona diso la Sumani likuthawira pansi. Koma mnyamata uja ndi wochenjera ngati khoswe.

"Mwamva nokha, abale. Akuti anajambula ndi iwowo. Zaka zonsezi akusunga nkhope zathu m'kachipinda kamdima kaja. Amachita nazo chiyani?"

"Nkhope ya mwana wanga ili nawonso!" anakuwa bambo wa mtsikana wa pa mjigo uja.

Mwala woyamba unandipeza ine, pamwamba pa diso. Ndinagwa. Mma Sanatu anandiyimira kutsogolo.

"Musiyeni mkuluyu, wakalamba, sadziwa chimene akunena. Ndipita. Alamu, khalani chete, ndakupemphani."

Ndinakhala chete. Zimenezo ndimazivomera.

M'mawa mwake anawakweza pa njinga yamoto ndi kamtolo ka zovala, kupita kuseri kwa phiri, kumudzi umene amatayako akazi otchulidwa ufiti. Sanawalole ngakhale kutseka chitseko chawo. Tsiku lachitatu Sumani analowetsamo matumba ake a chimanga, n'kupaka laimu makoma, akuimba mluzu. Pondidutsa ankati, "Mdala Filimu, diso lili bwanji? Likuonabe zala?"

Patapita masabata asanu uthenga unabwera woti Mma Sanatu amwalira ndi chifuwa, ndipo anaikidwa konko. Palibe wa mudzi uno amene anapita kumaliroko, kupatula ine. Dothi ndinathira ndi dzanja langali.

Kenako laimu wa m'nyumba muja anayamba kusuwa, mizeremizere, ngati wina akukanda ndi zikhadabo. Agalu ankafika pachipata n'kubwerera michira ili pakati pa miyendo. Woyandikana nawo wina anati amamva munthu akutsokomola m'katimo masana, chitseko chili chokhoma. Mkwatibwi wa Sumani anabwera kudzaona nyumbayo, analowa, anatuluka, ndipo kwawo anabweza mawu a ukwatiwo.

Lolemba lina dzuwa lili paliwombo, ndinawaona akubwera kwanga: Sumani, Napari, ndi anthu ngati khumi. Palibe amene ankaseka. Sumani anavula nsapato asanafike pa benchi panga, n'kunjuta.

"Mba Dawuni, tithandizeni. Chabwera m'foni mwanga m'mawa uno. Nambala yake tikaimba siilira."

"Ine? Mdala Filimu?"

"Pepani, bambo. Inu ndi amene mumadziwa zimenezi. Tiuzeni kuti n'chopanga."

Ndinalandira foniyo. Mma Sanatu anali atakhala pamkeka m'chipinda chawo, atatsamira matumba a Sumani. Nkhope inali yokalamba, yoonda kuposa mmene anachokera kuno, monga ndinaionera ndisanaiphimbe. Anali kuyang'ana wojambulayo, osakwiya, osaseka.

Ndinawerenga zala. Zisanu uku, zisanu uku. Kuwala kunkalowera pa zenera la kum'mawa, ndipo chithunzithunzi chawo chinagwera kumene chinagwera cha matumba. Zilembo za pa matumbawo zinkawerengeka bwinobwino. Pamene anakhalapo, mkeka unali utapindika ndi kulemera kwa munthu. Ndinakulitsa ngodya iliyonse, ndinatenga nthawi yanga, iwo akupuma ngati mbuzi zomangidwa. Ndinafunafuna ulesi wa makina aja ndi mtima wanga wonse, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti chikhale chopanga.

"Matumbawa unawasanja liti chonchi, atatu pansi, awiri pamwamba?" ndinafunsa.

"Dzulo madzulo."

"Kiyi ali ndi ndani?"

"Ine ndekha." Mawu ake anali ngati a mwana.

Napari anandigwira mwendo. "Alamu, nenani kuti ndi makina. Chonde. Paja munati makina amatha kupanga chilichonse."

"Ndinanena, inde. Munandiyankha ndi mwala."

Mwina pali wina m'mudzi muno amene anaphunzira kupanga bwino kuposa Sumani. Mwina makinawo asiya ulesi. Sindikudziwa, ndipo sindinawauze kuti sindikudziwa. Ndinamubwezera foni yake.

"Ichi ndi chenicheni," ndinatero. "Eni nyumba abwerera. Kachotse matumba ako, ndipo ugogode usanalowe."

Sanakachotse. Anakwera galimoto ya ku tauni tsiku lomwelo, ndipo chimanga chija chikufumbwa m'menemo mpaka lero. Napari amazungulira njira ya kumsika kuti asadutse pachipatapo. Nyumbayo palibe amene akuifunanso, ngakhale malata ake akadali abwino. Ndi ya Mma Sanatu.