Mkulu wa Chijasi Chonyowa

Dzuwa litangolowa, telala anatseka shopu yake, timaulusi tidakali pa siketi, n'kupita ku laibulale. Mwezi wathunthu anakhala akufufuza pa intaneti mndandanda wa anthu amene anabwera pa sitima ya pamadzi kalekale.

Mayi ake anafika m'dzikomo ali khanda, m'manja mwa bambo awo. Bambowo anamwalira chaka chisanathe, ndipo amene analera mwanayo anam'patsa dzina lina. Tsopano mayiwo anali chigonere, chakudya chikukana kulowa. Ankangoti, "Ndifa osadziwa kuti bambo ankandiitana ndani."

Madzulo amenewo pa makompyuta panalibe wina. Woyang'anira laibulale anali kuseri, akusanja mabuku. Telala analemba dzina la agogo akewo kakhumi konse. Palibe chinatuluka.

Kenako anamva fungo la mchere ndi dzimbiri. Mpando wa pambali pake unalira.

Panali patakhala mkulu wina wovala chijasi chakuda, chipewa chili pa maondo. Madzi ankadontha m'manja mwa jasilo, dontho limodzi limodzi. Kunja sikunkagwa mvula.

"Mwanawe, ukulemba molakwa," anatero mkuluyo, osamuyang'ana. "Kalaliki wa padoko uja anali gonthi, waliuma pomwepo. Chotsa chilembo choyambacho."

"Munkawadziwa, bambo?"

"Lemba."

Telala analemba. Tsamba lachikasu linatseguka pang'onopang'ono, zolemba za pamanja zopendekeka. Mwamuna, kalipentala, mkazi wake anamwalira pa ulendo. Pansi pake: mwana wamkazi, miyezi isanu. Ndipo dzina linali pomwepo.

"Kamtsikanako," anafunsa mkuluyo motsitsa mawu, "kanakula?"

"Kanakula, bambo. Kanabereka ana asanu. Ine ndine mzime."

"Chifuwa chija chinatha?"

Telala anatembenuka n'kumuyang'ana mkuluyo. Mayi ake anakhala akutsokomola moyo wawo wonse, ndipo iye sanauze munthu aliyense m'laibulalemo.

"Chimabwera kukazizira," anayankha telala.

"Muzikafunditsa bwino."

Mkuluyo anapuma mwamphamvu, ngati munthu amene watula katundu wolemera. Telala anawerama kuti akopere dzinalo m'kabuku kake ka miyezo. Podzutsa mutu, pampando panalibe munthu. Pansi panali chithaphwi, koma mapazi opita kukhomo sankaoneka.

Woyang'anira uja anatulukira, makiyi ali m'manja. Telala anamufunsa kumene mkulu uja walowera.

"Mkulu wake uti? Chitseko ndinakhoma kalekale, ndimangodikira inu. Nanga madziwa wataya ndani?"

Chitseko chitangotsegulidwa, telala anatuluka. Anathamanga njira yonse mpaka kwa mayi ake. Atafika, anagwada pambali pa bedi n'kutchula dzina lija pakhutu pa mayi ake.

Mayiwo, amene anatha masiku awiri osatsegula maso, anaphethira.

"Ee, ababa?" anayankha ndi kamawu ka mwana.

Anakhalanso ndi moyo milungu itatu. Ankamwa tiyi, ankaseka, ndipo aliyense wobwera kudzazonda ankamuuza kuti awaitane ndi dzina lenilenilo, ngakhale adzukulu. Akaphonya, ankawabwezetsa.

Maliro atatha, telala anabwerera ku laibulale masana, n'kuima kutsogolo kwa mpando uja. "Zikomo, agogo," anatero. "Tinawafunditsa."

Anansi ena amati mkulu uja anali wamisala amene anabisala m'mashelefu. Koma woyang'anira laibulale, amene anakolopa madzi aja yekha, amanong'oneza anthu kuti ataphwa, pansi panatsala mchere.