Mizere ya Mabowo

Bambo ake atatsegula chitseko, Kaphuma anali atakhala pansi m'chipinda chochezera, ulusi uli mbwee pamiyendo pake. Linali Loweruka masana. Iwo anaima pakhomo buledi ali m'manja, osalowa, osabwerera.

"Wamasula mpaka pati?" anafunsa motsitsa mawu.

Mtsikanayo anakweza monyadira sikafu imene amayi ake anasiya asanamalize kuluka, nkuloza ndi chala. Anali atamasula mizere makumi awiri ndi isanu, yonse ya kumapeto, pafupi ndi singano. Anafotokoza mofulumira, monga mwa chikhalidwe chake, kuti ankafuna kuimaliza nyengo yozizira isanafike, koma mizere imeneyo inali yolobodoka, ina yothina, ndipo munali mabowo atatu oti chala nkulowa. Anawakumbutsanso kuti amayi eni ake ankanena kuti ntchito yoipa siitsirizidwa, imamasulidwa.

Bambo ake anayang'ana ulusi uja nthawi yaitali. Kenako anaika buledi patebulo, natuluka kupita pampopi. Kaphuma anamva madzi akutayika kwa mphindi zambiri, chonsecho manja awo sanali akuda.

Panali patadutsa miyezi isanu chimwalirireni amayi ake. Iwo ankaluka zipewa, masokosi ndi masikafu nkumagulitsa kwa anthu odziwana nawo. Ulusi wa m'sitolo sankaufuna. Ankati mtundu wake ndi wakufa. Ankagula kwa mayi wina amene ankanyika yekha ulusi mu utoto kuseri kwa nyumba yake, amene aliyense ankangomutchula kuti mayi wa utoto. Sikafu iyi, yachikasu chodera ngati uchi, ankalukira amuna awo, ndipo inatsala m'dengu singano zili momwemo. Dzina loti Kaphuma analiyambitsanso ndi iwowo, chifukwa mwanayo ankayamba kuluka asanamve nkomwe kuti akuluka chiyani.

Tsiku lonse la Lamlungu bambo ake sanamukalipire. Anamufunsa za homuweki, anamupangira tiyi, anasita malaya awo a kuntchito. Koma dengu lija ankalilambalala ngati lili ndi moto. Kaphuma anaganiza kuti mwina akhumudwa poona ulusi wawonongeka, chifukwa wonse womasulidwawo unali utapotanapotana ngati tsitsi longomasula kumene. Anatsimikiza mumtima kuti akonza.

Lolemba ataweruka kusukulu, anapita kwa mayi wa utoto. Pabwalo panali miphika itatu ikuluikulu ikutuluka nthunzi, thumba la makoko a anyezi, ndi ndowa ya njere za mapeyala. Pachingwe panali ulusi wonyowa ukudontha, wina wofiirira, wina wobiriwira. Mayiyo anali wonenepa, manja ake ali mathothomathotho mpaka m'zigongono.

"Uyu si Kaphuma uyu? Watalika ngati mtengo wochirikizira chingwe. Kodi bambo akowo amakudyetsa kapena amangokukoka?"

Kaphuma anaseka pang'ono, natulutsa sikafu ndi ulusi m'chikwama cha mabuku. Anapempha zinthu ziwiri: kuti ulusi wopotanawo uwongoledwe, ndi kuti apatsidwe mpukutu wina wa mtundu womwewo, poti wotsalawo sukanakwanira.

Mayi wa utoto anayamba ndi chachiwiricho. Anati mtundu umenewo sangaupezenso ngakhale atanyika chaka chonse. Unachokera ku makoko a anyezi a chaka chatha ndi madzi a mvula a m'mgolo, ndipo ngakhale mumphika umodzi ulusi wapansi sufanana ndi wapamwamba. Akanatha kupereka wofananirako, koma polumikiza pakanaoneka ndithu. Akulankhula choncho anatambasula sikafu ija padzanja lake, akuisisita kuchokera koyambira. Atafika pasingano, analeka kulankhula. Anaitembenuza, nayang'ananso.

"Mabowo aja ali kuti?"

"Ndamasula. Anali oipa."

Mayiyo anapukuta manja pa epuloni, nakoka kampando, nakhala. Anauza Kaphuma kuti akhale pa ndowa yovundikira. Moto unkathetheka pansi pa miphika.

Kenako anafotokoza. Mwezi womaliza wa moyo wa amayi a Kaphuma, iye ankapita kunyumba kwawo m'mawa Kaphuma ali kusukulu, kukaona mnzakeyo. Pa nthawiyo dzanja lamanzere la amayi ake linali litasiya kugwira. Singano inkangopulumuka nkugwera pabulangete. Bambo ake ndiwo anapempha tchuthi kuntchito. Ankakhala m'mphepete mwa bedi nkugwira singano ya kumanzere, amayi ake nkumayendetsa ya kumanja. Tsiku labwino ankaluka mizere iwiri, tsiku loipa umodzi kapena theka.

"Bambo akowo manja awo ndi a cholembera basi," anatero mayi wa utoto, akumwetulira misozi ili m'maso. "Akangotembenuka kuyang'ana nkhope ya amayi ako, ulusi nkupulumuka, bowo ilo. Amayi ako ankaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinati, bweretsani ndikonze, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Iwo anakana. Anati, asiyeni, amenewa ndi a bambo a mwana, mwanayo adzadziwa pomwe ankandiyang'ana."

Kaphuma anayang'ana pansi. Anakumbukira mmene anakokera ulusi uja Loweruka, mmene timfundo tinkathothokera mosavuta, mzere ndi mzere, iye akung'ung'udza nyimbo. Ntchito yonseyo sinamutengere ngakhale mphindi khumi. Anafuna kufunsa ngati pali njira yobwezera, koma iye mwini anali woluka, ndipo yankho ankalidziwa.

Mayi wa utoto sanamunyengerere ndi mawu ambiri. Anangoti zachitika, ndipo mwana sakanadziwa zomwe sanauzidwe. Kenako anadzuka, natunga madzi ofunda m'beseni. Anati kuwongola ulusi nkosavuta: ukauviika pang'ono nkuupachika, mawa umakhala wosalala ngati sunalukidwepo. Ulusi umapotana chifukwa umasunga mapindidwe a mmene unalukidwira, koma madzi amauiwalitsa. Anatambasula dzanja kuti aulandire.

Kaphuma anaubweza msanga, naukumbatira pachifuwa.

"Ayi, mayi. Usalowe m'madzi."

Mayiyo anamuyang'ana, nakhuthulira madzi aja pamaluwa. Anamuchenjeza kuti ulusi wopotana umaluka moipa, sikafu idzatuluka yamabampu. Mtsikanayo anagwedeza mutu kuti wamva. Anaukulunga pang'onopang'ono mozunguliza zala, osaukoka, kuti mapindidwe aja asawongoke. Mayi wa utoto anamusankhira pachingwe mpukutu wouma wachikasu chowalirako, naulowetsa m'chikwama chake.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake atangoweruka, atakhala pampando wapawindo, nyuzipepala ili pamiyendo koma yosatsegula. Dzuwa linali lisanalowe. Kaphuma anakoka kampando nakhala kumanja kwawo. Mawu onse opepesa amene anakonza m'njira anamuthawa. Anatulutsa sikafu, naika singano ya kumanzere m'dzanja lawo.

"Ababa, tandigwirirani."

Iwo anayang'ana singanoyo, kenako ulusi wopotana uja, kenako mwana wawo. Anazindikira kuti mwanayo wachokera kwa mayi wa utoto.

"Ine sindidziwa kuluka, mwanangu."

"Ndamva. Akuti mumaboola."

Bambo ake anatulutsa kamawu kamene sikanali kuseka kwenikweni. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya malaya, nawavalanso. Anati akanamuuza kale, koma nthawi zonse akati ayambe, ankalephera. Kaphuma anati iyenso akanafunsa asanakoke. Iwo anasendeza chigongono, nagwira singano ija mwa njira yomwe inaoneka kuti dzanja linali lisanaiwale.

Analuka pang'onopang'ono. Ulusi unkabwera wopindikapindika, ukukana kugona, ndipo timfundo tinkatuluka tina tatikulu, tina tating'ono. Sinali mizere ija. Imeneyo inali itapita. Kaphuma ankamva kapindidwe kalikonse kakudutsa pachala chake kasanalowe m'sikafu, ndipo sanafulumire.

Ali pakati pa mzere wachitatu, Kaphuma anaweramitsa mutu nkuluma mlomo, monga ankachitira amayi ake akamawerenga timfundo. Singano ya kumanzere inapendama. Ulusi unapulumuka, ndipo kabowo kanatseguka pakati penipeni pa mzere. Atakweza maso, anapeza bambo ake asakuyang'ana singano, akuyang'ana iye.

"Ndaboola," anatero iwo. "Bwerera ukonze."

Zala za Kaphuma zinali zitayamba kale kubwerera zokha. Anaziimitsa. Anapukuta m'maso ndi phewa, nalowetsa singano m'kamfundo kotsatira.

"Gwirani bwino, ababa. Kwatsala kutali."