Diresi la Mayi wa Ubatizo

Geresomo ndi Evelesi anali banja limene anthu a kwa Mbenje ankalozera ana awo powalangiza. Ankalima limodzi thonje kumtunda ndi chimanga kudimba, ndipo poweruka Geresomo ankasenza yekha makasu onse awiri, osasamala anzake amene ankati anadyetsedwa mankhwala. Atadikira zaka zisanu ndi ziwiri anabereka mwana mmodzi, Maclean, ndipo ankamusamala ngati dzira.

Mu 1987, othawa nkhondo a kutsidya kwa malire atasefukira kudzera ku Marka, mphunzitsi wina wopuma pantchito, Mayi Clotilda, anatsegula sukulu ya mkaka yachilendo m'chisakasa cha kuseri kwa msika. Kunalibe yunifomu, bolodi kapena mkwapulo. Ana ankaumba ng'ombe zadothi ndi kuimba m'Chisena ndi m'Chimang'anja, ndipo makolo eni ake ndiwo ankawayang'anira, awiriawiri, mosinthana masiku. Mayi Clotilda ankati ana akamasewera pamodzi, makolo adzaleka kuyang'anana ndi diso la nkhwezule. Mayiyu ankawadziwa ana, koma akuluakulu sankawadziwa ngakhale pang'ono.

Tsiku limene Evelesi anapita ndi Maclean, anapeza anthu atakhala kale m'magulu. Akazi a makalaliki anali pa benchi, pakati pawo Mayi Lily, wapampando wa amayi a chipani m'deralo. Akazi a amalonda anali pamphasa, akuseka m'Chisena. Evelesi, wopanda nsapato, chitenje chosuluka, anaima chilili mpaka miyendo inawawa. Pogawana masiku, aliyense anasankha mnzake womuyenera. Anatsala awiri: Evelesi ndi Lorenso, telala wa ku Mutarara amene mkazi wake anafera panjira pothawa, mwamuna yekhayo pagululo, atagwira kamwana kake Otilia.

"Otsalawo atengane," anatero Mayi Lily, benchi lonse n'kufa ndi phwete.

Anawapatsa Lachinayi. Anthu awiri okanidwa sachedwa kumvana. Lorenso ankasokera ana zidole ndi tizigamba, Evelesi ankaphika phala ndi kumuluka Otilia tsitsi, limene bambo ake ankalilephera. Ana ankalikonda Lachinayi kuposa masiku onse, ndipo zimenezi zinawawa a pabenchi. Iwo amene anawaphatikiza ndiwonso anayamba kunong'ona kuti kuchisakasa kumakhala ukwati sabata iliyonse. Lilime la munthu wokhuta ndi loipa zedi.

Otilia anali asanabatizidwe chifukwa kwawo ansembe anathawa nkhondo. Lorenso anapempha Evelesi, amene anali Mkatolika mnzake, kuti akhale mayi wa ubatizo. Geresomo sanakane. "Za kutchalitchi kwanu n'zanu, make Maclean," anatero.

Ubatizo utachitika, Lorenso anabwera ndi phukusi. Munali diresi lobiriwira, lofika m'munsi mwa maondo monga linkafunira lamulo.

"Ayi, bambo a Otilia, sindingalandire," anatero Evelesi. "Kuno mwamuna amaveka mkazi wake yekha."

"Nkhabe, komadre, musandichititse manyazi," anayankha Lorenso, akumuitana monga a kwawo amaitanira mayi wa ubatizo. "Kwathu bambo wa mwana amaveka mayi wa ubatizo. Mukakana nsalu mwakana mwana. Kuyambira lero ndinu mlongo wanga, woposa wobadwa naye."

Evelesi ankadziwa kuti wanyamula moto. Koma mtima suvala nsanza. Analibisa diresilo pansi pa mapira m'nkhokwe, ndipo Lachinayi lotsatira anakalivalira kuthengo ali panjira. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, Mayi Lily anasendera.

"Khalani apa pabenchi, anzathu. Koma ndiye mwatchenatu! Wakusokerani ndani?"

Evelesi anayankha zoona, mtima uli mbee. Anabwerera kwawo akuimba, osadziwa kuti benchi limenelo waligula ndi banja lake.

Sipanapite masiku atatu, Mayi Lily anakumana ndi Geresomo pamsika wa thonje. "Mwapeza wokuthandizani kuveka akazi anu, bambo. Enafe amuna athu amavutika okha." Anangonena zokhazo n'kudutsa.

Geresomo anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, maso ali psuu. Anagwetsa madengu, anang'amba mtolo wa zovala, mpaka analipeza m'nkhokwe.

"Vala!"

"Bambo a Maclean, ndimvereni kaye. Ndi mwambo wa kwawo..."

"Ndati vala!"

Anavala akulira. Diresi linamukhala ngati anabadwa nalo, m'mapewa, m'chifuwa, m'chiuno, popanda potsala.

"Anakuyeza liti?"

"Sanandiyeze. Ndikulumbira, sanandikhudzepo. Ndi telala, anangoona ndi maso."

"Ndi maso? Ndiye wakhala akukuyang'ana motani kuti adziwe chiuno chako kuposa ine mwini wake? Ine zaka khumi ndimakugulira nsalu yosasoka, kuopa kuphonya. Iye miyezi inayi basi!"

Choonadi chimene chikanamupulumutsa Evelesi ndicho chinamupachika. Nsanje ilibe makutu. Ukaiuza kuti sanakhudze, imamva kuti anakhudza kwambiri. Geresomo sanamumenye. Anangokhala pakhonde, osadya.

M'mawa mwake Evelesi ananamizira kupita kuchigayo. Anakulunga diresi n'kuthamangira kuchisakasa, kumene Lorenso anali atangofika kudzasiya mwana. Anamukokera kuseri kwa mpanda, kuopa maso a pabenchi.

"Tengani, bambo a Otilia. Landiphera banja."

"Komadre, tiyeni ndikalankhule nawo ndekha amuna anu. Akamva adzamvetsa."

Lorenso anamugwira manja onse awiri, akumubwezera phukusi. Ndi zimene Geresomo anaona atatulukira m'mapira, khasu lili paphewa, chifukwa anali atamulondola kuchokera kunyumba. Lorenso anatembenuka akumwetulira, pakamwa patayamba kale moni, ndipo khasu linamupeza pamutu. Anagwa n'kufera pomwepo. Ana anasiya dothi lawo n'kuthamangira kumpanda, Otilia ali patsogolo.

Mlandu unakazengedwa kukhoti la chigawo ku Blantyre. Mayi Clotilda anafotokoza akusisima kuti kwa anthu a kutsidya, kugona ndi mayi wa ubatizo wa mwana wako ndi malaulo ofanana ndi kugona ndi mlongo wako, ndipo kuti Lorenso, pomusankha Evelesi, anali atadzitsekera yekha khomo limenelo mpaka imfa. Anawonjezera kuti mwambowu ankaudziwa, koma sanaganize zokaufotokozera kwa Geresomo. Mayi Lily, atavala bwino, analumbira kuti sanaonepo choipa pakati pa awiriwo. "Ine ndinkangocheza," anatero, n'kubwerera kwawo pa basi yamadzulo. Khoti linagamula kuti Geresomo akhale m'ndende moyo wake wonse.

Lamulo limagwira dzanja limene lanyamula khasu, koma amene ananola khasulo ndi pakamwa amagona kunyumba kwawo. Ndipo mwamuna amene akhulupirira mawu a pamsika kuposa misozi ya mkazi wake amadzikumbira yekha dzenje. Sukulu ija inatsekedwa mwezi womwewo. Makolo onse, a pabenchi ndi a pamphasa, anagwirizana kwa nthawi yoyamba: kusakaniza anthu ndiko kunalakwika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziloza chala.

Patatha chaka, Evelesi anagulitsa mbuzi n'kupita kukamuona mwamuna wake. Geresomo anatuluka atawonda, atavala zoyera za akaidi, maso akufunafuna Maclean. Anamuona, koma pambali pake panali kamtsikana kamene kanabisala m'chitenje cha Evelesi katangomuzindikira.

"Uyu wabwera naye chifukwa chiyani?" anafunsa.

"Ndikanamusiyira yani? Ndinalonjeza m'tchalitchi kuti bambo ake akadzafa ndidzamulera ine, ndipo inu munavomera. Akugona m'nyumba mwanu, akudya mapira a m'munda mwanu."

Geresomo anagwada, natambasula dzanja kudzera pawaya. "Otilia, mwanawe, bwera."

Mwanayo anakuwa mpaka mlonda anabwera kudzawatulutsa nthawi isanakwane.