Chala cha pa Mphika wa Kudoko

Maliyamu ankakhala ku Lirangwe. Anali mu Sitandade 3. Mwanayu ankakonda kukumba. Ankakumba kuseri kwa nyumba. Ankakumba pansi pa mtengo wa mango. Koma ankangopeza miyala ndi zitsekerero za mabotolo. Iye ankafunitsitsa kupeza chinthu chakale.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Madamu Doreen, aphunzitsi ake. Tsiku lina iwo anabwera ndi buku la zithunzi.

"Uwu ndi mzinda wa Ositiya," anatero Madamu. "Uli ku Italy, pafupi ndi Roma. Kalekale unali doko."

"Ngati doko lathu lija la kumtsinje?" anafunsa Maliyamu.

Ana onse anaseka. Madamu sanaseke.

"Eya, koma lalikulu zedi. Kumeneko kunkafika zombo. Zombo zinkabweretsa tirigu. Zinkabweretsanso mafuta m'mitsuko. Kenako anthu anasamuka. Matope ndi mchenga zinakwirira mzindawo. Patapita zaka zambirimbiri, anthu ena anakumba. Anapeza nyumba. Anapeza misewu. Anapeza mauvuni a buledi."

"Ankakumba ndi khasu, Madamu?" anafunsanso Maliyamu.

"Akafika pa chinthu, khasu ankaliika pansi. Ankasesa pang'onopang'ono ndi kaburashi. Chinthu chakale sachizula ngati chinangwa."

Maliyamu anasunga mawu amenewa.

Loweruka m'mawa, Maliyamu anapita kudoko. Bambo ake, a Hakimu, ankaumba njerwa kumeneko. Njerwazo zinali za nyumba yawo yatsopano. Anzawo, a Stanford, ankawathandiza kuponda dothi.

A Hakimu ankakumba m'dzenje. Khasu linkalira. Di! Di! Di!

Kenako linalira mwachilendo. Kho!

A Hakimu anaima. Pansi panaoneka mlomo wa mphika. Unali mphika wakuda. Unali wokwiririka mpaka m'khosi.

A Stanford anadumphira kumbuyo. Iwo anali munthu wamkulu ngati chitseko. Koma mantha awo, eee, musanene!

"Mayo ine!" anakuwa a Stanford. "Achimwene, zamankhwala izi! Wina watitchera kuti njerwa zathu zisapse. Uswani! Uswani titaye mumtsinje!"

Nkhope ya a Hakimu inasintha. Anayang'ana njerwa zawo. Anayang'ana mphika. Kenako anakweza khasu.

Maliyamu analumphira m'dzenje. Anagwada. Anaphimba mphika ndi manja ake awiri.

"Maliyamu, tuluka!" anatero a Hakimu.

"Ababa, musauswe."

"Ndati tuluka!"

Maliyamu anali asanakanepo mawu a bambo ake. Misozi inalengeza m'maso. Ankachita mantha kwambiri. Koma sanatuluke.

"Ababa, chonde. Ndiloleni ndiusese kaye. Mukaona choipa, muuswe."

Khasu linali m'mwamba. Silinatsike. Madzi okha ndi amene ankamveka.

Kenako a Hakimu anapumira m'mwamba. Anatsitsa khasu, koma sanalisiye.

"Fulumira," anatero.

Maliyamu analibe kaburashi. Anazula udzu pang'ono. Anaumanga ngati katsache. Anayamba kusesa. Anasesa. Anasesa. Anasesanso.

"Usaukhudze, mwana iwe! Dzanja lipuwala limenelo!" anakuwa a Stanford. Apa n'kuti atabisala kuseri kwa mulu wa njerwa.

Maliyamu anasesabe. Thukuta linkagwera m'maso. Dothi linali louma gwa. Linkachoka pang'onopang'ono.

"Basi, zakwana," anatero a Hakimu. Anagwiritsa mpini wa khasu.

"Pang'ono pokha, Ababa!"

Anasesa kamodzi. Anasesa kawiri. Pakhosi pa mphika panaoneka timizere tokongola. Pansi pa timizereto panali kadzenje. Kadzenjeko kanali kakang'ono. Mkati mwake munali timizere tina tozungulira.

Maliyamu anayang'anitsitsa. Anayang'ana chala chake. Anayang'ananso kadzenje.

"Ababa, bwerani muone. Chala!"

A Hakimu anagwada. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola njerwa imodzi youma. Pambali pa njerwayo panali kadzenje. Chinali chala chawo. Anachidinda pochotsa njerwa m'chikombole.

Anayang'ana njerwa. Anayang'ana mphika. Anakanda dothi la m'mbali ndi chikhadabo.

"Dothi ili ndi lolimba," anatero motsitsa mawu. "Palibe amene wakumba pano chaka chino. Ngakhale chaka chatha. Mphika uwu unagona pano ife tisanabadwe."

Anasiya khasu pansi.

"Mwini mphikawu sanatitchere, a Stanford. Anali woumba mnzathu. Anaugwira mphikawu dongo likadali lofewa. Ankaumba padoko pomwe pano."

A Stanford anatuluka kuseri kwa njerwa. Anabwera monyang'ama. Anasuzumira m'dzenje.

"Ine ndimadziwa kale kuti ndi mphika wamba," anatero.

Maliyamu anaseka, misozi ili m'masaya. Nawonso a Hakimu anaseka.

Mphika uja sanauzule. Anavundikira dzenje ndi lata. A Hakimu anaimbira foni Madamu Doreen. Madamu anafika pa kabaza. Anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Mwachita bwino kuusiya pomwepa," anatero. "Ndiitana akatswiri a zinthu zakale ku Blantyre. Iwo adzatiuza zaka zake."

Masana, a Hakimu anaumba njerwa ina. Inali yofewa, yonyowa.

"Maliyamu, bwera. Dinda apa."

Maliyamu anadinda chala chake. A Hakimu anadinda chawo pambali pake. Chala chaching'ono ndi chala chachikulu.

"Njerwa iyi tidzaiika pakhomo pa nyumba yathu," anatero a Hakimu.

"Nyumbayo ikadzakalamba n'kugwa, adzaione ndani, Ababa?"

"Mwana wina wokonda kukumba."

A Hakimu anamupukuta dothi pamphuno.

"Bola mwanayo adzakhale wamakani ngati iwe."