Mchere Umene Unkasowa ku Kalubihan

Mchere ndiwo unayamba kusowa. Perpetua Labrador, amene aliyense ankamutchula kuti Mana Petring, ndiko kunena kuti achemwali Petring, anali mayi wamasiye wodzipereka kusamalira amayi oyembekezera ndi ana m'mudzi wa Kalubihan, kumapiri a chilumba cha Samar. Mcherewo ankausunga m'chigubu pakhonde la kachipatala ka m'mudzimo, kansungwi kokwezedwa pamizati, kuti azisakaniza ndi madzi ndi shuga pothandiza ana otsekula m'mimba. M'mawa wina wa nyengo ya mvula anapeza chivundikiro chili pambali, ndipo mumcheremo munali zidindo za zala zopyapyala, ngati za munthu wotapa mofulumira mumdima.

Pa nthawiyo m'kachipinda kodikirira munali Evangelina, mtsikana wopanda makolo wa mimba yoyamba, amene anatsika kuchokera kuminda ya kumtunda kuti adzachirire pafupi ndi mtsinje, poti namwino wa kutauni ankabwera pa bwato madzi akalola. Mwamuna wake, Dioscoro, anali kutali, kuntchito ya pa sitima za panyanja.

"Akanakhalapo Dioscoro, bwenzi akugona pansi pa nyumbayi ndi chikwanje," anatero Evangelina atamva za mcherewo. "Bambo anga anachita zomwezo ine ndili m'mimba. Tsopano wondilondera ndani, Mana?"

"Wokulondera ndi Mulungu, mwana wanga. Imwa mapiritsi ako a magazi."

Petring anayankha molimba, koma mtima unali utagwa kale. Kumeneko ngakhale opemphera kolona tsiku ndi tsiku amadziwa za asuwangi, mfiti ya usiku imene imanunkhiza mayi wapakati, n'kulowetsa lilime lake lalitali m'mipata ya nsungwi zapansi kuti iyamwe mwana wosabadwa. Amadziwanso kuti imaopa mchere, adyo ndi chitsulo chakuthwa.

Nicanor, mnansi wawo wochotsa mowa wa uchema m'mitengo ya kokonati, anayamba ndi kuseka.

"Mana, musanamizire mfiti. Ndi inuyo mukudyera mango osapsa mcherewo, tonse tikudziwa!"

"Iwe, pakamwa pako pakununkha uchema dzuwa lisanakwere."

"Uchema ndi mankhwala. Komatu," anatsitsa mawu, "mwina chilipo chimene chikufuna kuti mchere uthe m'nyumba muno mwanayo asanabadwe."

Mawu amenewo anakhala m'mutu mwa Petring tsiku lonse, monga munga wothyokera m'phazi.

Usiku umenewo anagona pambali pa Evangelina. Mvula inagwa mpaka kutopa, madontho a m'masamba a nthochi anatsala akugwa amodziamodzi, achule nawonso anatonthola. Mumdima wandiweyaniwo, wonunkha matope ndi utsi wa nyali yozima, anamva chinthu chikukwawa pansi pa nyumba, pakati pa mizati. Chinapuma movutikira, chinakhala phee, kenaka kunayamba kaphokoso kakang'ono: tiki, tiki, tiki. Petring anauma thupi lonse, pakuti akulu amanena kuti kulira kwa asuwangi kukamveka mokweza ndiye kuti ili kutali, koma kukamveka motsitsa ndiye kuti yafika. Anagwira kolona wake mpaka mikanda inadinda m'manja. Kutacha, mchere unali utachepanso.

Zinachitika motero usiku wotsatira, ndi winanso. Mphekesera zinayenda ndi amayi obwera kusikelo ya ana. Ena ankati aona nkhumba yakuda yaikulu kumtsinje, ena ankati galu wa aphunzitsi wasiya kudya. Evangelina anayamba kutupa mapazi, tulo osalipeza.

Tsiku lina mitambo inang'ambika pakati pa usiku, mwezi n'kutuluka. Kaphokoso kaja katayamba, Petring anagwada, naika diso pampata wa nsungwi. Pansipo panali nkhope yoyang'ana kumwamba, yamakwinya, tsitsi loyera lili balala, ndipo fungo la mafuta a kokonati linakwera m'mipatamo. Anaizindikira. Anali Apoy Luming, agogo Iluminada, mzamba wakale wa mudziwo, amene manja awo analandira Petring yemweyo pobadwa, ndi Evangelina, ndi theka la anthu a ku Kalubihan.

Chiyambire pamene lamulo linaletsa azamba kubereketsa amayi kunyumba, agogowo ankakhala okha tsidya la mtsinje. Amene anapita kukawauza za lamulolo anali Petring. "Musayandikirenso mayi wapakati, Apoy, angakulipiritseni," anawauza motero, iwo n'kungogwedeza mutu. Kuyambira pamenepo anthu anasiya kuwachezera, ndipo munthu akakhala yekha nthawi yaitali, malilime amamupezera dzina.

M'mawa Petring anapita kwa Nicanor. Akanatha kuwoloka mlatho, n'kukafunsa agogowo maso ndi maso. Panali pafupi, ndipo njira ankaidziwa. Koma mantha ndi mlangizi woipa.

"Ndaona nkhope," ananong'ona.

"Ya yani?"

"Usauze munthu, Nicanor."

"Ine? Pakamwa panga ndi manda."

Petring anatchula dzinalo. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utalimva.

Usiku amuna anabisala m'nthochi ndi miuni ndi miyala. Petring anawapempha kuti angowagwira agogowo n'kuwafunsa, iwo anavomera ndi pakamwa pokha. Chithunzithunzi chowerama chitafika pakhonde n'kutsegula chigubu, wina anakuwa kuti, "Ndi imeneyo!" Miyala inayamba kugwa. Agogowo anathamanga mmene nkhalamba ingathamangire, kulunjika kumlatho wa nsungwi umene unali woterera ndi mvula, ndipo miuni isanafike pagombe kunamveka kulira kumodzi kokha, kwakufupi, madzi n'kutseka pakamwa pake.

Anawapeza m'mawa kumunsi, atakodwa m'mizu ya mtengo. Amayi powakonza anaona kuti dzanja lamanja lafumbata nsonga ya siketi, yomangidwa mfundo. Atamasula, munali kamulu konyowa, kotuwa. Nicanor, amene anathandiza kunyamula mtembowo, anaika chala, nalawa, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mana," anatero, "mfiti sigwira mchere."

Chinali chinthu chimene mwana aliyense m'mudzimo ankachidziwa, ndipo onse, pamodzi ndi Petring amene anaona zidindo za zala tsiku loyamba lija, anachiiwala.

Petring anakwawira pansi pa kachipatala, kumene mantha anamuletsa kuyang'ana masiku onsewo. Patsinde pa mzati uliwonse panali kamkombero koyera ka mchere, kotsala pamene mvula inalephera kukokolola. Adyo anali atasomekedwa m'mipata, molunjika pamene Evangelina ankagona. Panalinso kamphasa kakang'ono kakutha, ndi chikwanje chadzimbiri, ndipo mzati wapakati unali ndi timabala tambirimbiri pamene chitsulo chinkagogoda motsitsa, kuti choipa chimve koma ogona asadzuke. Agogowo ankagwira ntchito ya mwamuna amene anali kunyanja. Sankabwera masana chifukwa Petring anawaletsa. Petring anakhala pamenepo m'matope nthawi yaitali, akufuna kupemphera, koma mawu onse amene anawaphunzira kutchalitchi anamuthawa.

Agogowo anawaika m'manda ansembe kulibe, poti mtsinje unali utadzaza. Amuna amene anaponya miyala ndi omwe anakumba manda, ndipo panalibe woyang'ana mnzake kumaso.

Patangopita masiku ochepa, namondwe anafika, matenda a Evangelina n'kuyamba madzulo omwewo. Bwato la namwino silikanatha kukwera mtsinje. Petring anali ataphunzitsidwa kuyeza, kulangiza ndi kutumiza amayi kuchipatala chachikulu, koma kulandira mwana yekha anali asanachitepo. Chigubu cha mchere anali atachitsekera m'kabati, kiyi ali m'khosi mwake pamodzi ndi mtanda.

Usiku unatalika, mwana osatsika. Evangelina anatha mphamvu, milomo inatuwa.

"Mana, ndifa. Ndilibe wondilondera."

"Usatero, mwana wanga. Kankha."

Mphepo inaleka mwadzidzidzi, monga imachitira pakati pa namondwe, ndipo m'bata limenelo onse awiri anamva. Pansi pa nsungwi, pa mzati wapakati: tiki, tiki, tiki. Chikwanje chija Petring anali atachiika m'bokosi la maliro ndi manja ake.

Evangelina anatsegula maso. "Abwera," ananong'ona, nkhope yake n'kumasuka ngati ya mwana amene wamva mapazi a mayi ake pakhomo. Anayamba kupuma motsatira kugogodako, kukankha, kupuma, kukankhanso. Petring sanayang'ane pampata. Misozi inkagwera pamanja pake pamene ankalandira mutu, kenaka mapewa, ndipo tambala woyamba asanalire, mwana wamkazi analira mokweza. Kugogoda kuja kunaleka.

Kutacha, Petring anatsika makwerero. Pamatope panalibe phazi la munthu, koma patsinde pa mzati uliwonse panali mchere watsopano, wouma, woyera mbee. Anatsegula kabati ndi kiyi wa m'khosi mwake. Chivundikiro chinali pambali.

Sanauze ansembe, sanauzenso Nicanor, amene kuyambira pa maliro aja sankaseka ngati kale. Mwanayo anabatizidwa Iluminada, ndipo Petring, amene anali mayi wake wa ubatizo, anafunsidwa dzinalo kawiri asanathe kulitchula. Anatumikirabe amayi a ku Kalubihan mpaka tsitsi lake linayera. Zoweruza za usiku umenewo anazisiya m'manja mwa Mwini moyo, amene yekha adziwa kumene akufa amakhala ndi zimene amaloledwa. Koma m'kachipinda kodikirira mukagona mayi amene mwamuna wake ali kutali, madzulo Petring amatulutsa chigubu pakhonde, n'kumasula chivundikiro kuti zala zokalamba zisavutike, ndipo asanatseke chitseko amayang'ana tsidya la mtsinje n'kunena motsitsa, "Lowani, Apoy. Kunja kukuzizira."

Palibe amene analowapo.