Fitakola ya Dulce

Dzuwa linali litatsamira kuphiri, kamphepo ka mwezi wa Junyu katayamba kuluma m'makutu. A Efigénia anali pakhonde kusankha mbatata ya kachewere: yaikulu m'thumba lopita kumsika wa Kalomwe, yaing'ono ya mbewu, yowola ya nkhumba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dulce, anali atangobwera kutchuthi kuchokera ku univesidadi ya ku Brasil, ndipo anakhala pamphasa anthu atamuzinga. Kumidzi ya kumunsi kwa Fonte Boa munthu wochokera kunja sasowa alendo. Ena amabwera kudzalonjera, koma ambiri amabwera kudzaona chikwama.

M'chikwamamo munatuluka kamwala kakuda konyezimira, kosaposa chikhadabo. Dulce anati dzina lake ndi molibidenite, ndipo ndiko kanamukweza ndege. Anafotokoza kuti kamwalako nkosanjikizana ngati anyezi, gawo lililonse ndi chitsulo chopanikizidwa ndi sulufule uku ndi uku. Atamva za sulufule, a Basilio, mlamu wawo wa a Efigénia, anadzilemba mtanda, poti iwo sulufule ankangomudziwira mu ulaliki wa za kugehena. Anthu anafa nacho chiseko.

Kenako Dulce anadula fitakola, yomatira mapepala ija, naimata pakamwalako nkuimatula. Inalira kuti tswee! Anaipinda naimatulanso, kubwerezabwereza mpaka pafitapo panangotsala kachifunga kotuwa.

"Ntchito yanga ndi imeneyi," anatero. "Timasenda mpaka patsale gawo limodzi lokha, lopyapyala loti diso silingaone. Mwala wathunthuwu mukauthira kuwala kwa makina umangoti duu. Koma kagawo kamodzi kaja kamayaka. Tikufufuza ngati tingapangire zam'kati mwa matelefoni."

"Ndiye kuti chinthu chikasendeka mpamene chimawala?" anafunsa a Vitória, mayi wachikulire amene ankasambitsa maliro onse a m'mudzimo. Anali atasendera pafupi kuposa wina aliyense.

"Eya, amayi. Ngakhale khungu limasendeka chomwechi. Taonani."

Anagwira mkono wa Dércia, kamwana kakakazi ka a Basilio, namatapo fita nkuimatula. Panatsala timamba toyera. Dércia anaseka chifukwa zinamugirigisha. Dulce anapinda fitayo bwinobwino naiika m'kabokosi pamodzi ndi zinzake, monga anazolowerera ku laboratoriyo kumene munthu sataya kanthu pansi.

A Efigénia analeka kusankha mbatata. Tsitsi, zikhadabo, dothi lopondapo phazi, litsiro la pakhungu, zonsezi munthu sasungira mnzake. Amene amasunga amadziwika dzina lake. Maphunziro anali atamuiwalitsa mwanayu chinthu chimene ngakhale mwana wa kumsana amachidziwa. Anafuna kumuuza kuti abweze fitayo kwa eni ake, koma anachita manyazi kudzudzula dotora, munthu wophunzira chotero, pamaso pa anthu. Chiseko chija chinathera pomwepo, ndipo alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi.

Dércia sanatenthe thupi, sanatsokomole. Anangoyamba kutuwa ndi kupepuka, mayi ake akamunyamula kukhala ngati anyamula nsalu. Kuchipatala anamuyeza osapeza kanthu. Mwezi usanathe, kunamveka kulira kunyumba ya a Basilio. A Vitória atatuluka mosambitsa maliro anakhala pakati pa amayi, nayankhula monong'ona koma moti aliyense amve.

"Khungu ngati la anyezi, anzanga. Mitsempha yonse kuonekera."

"Mayo ine!"

"Ndipo m'chipinda chamdima muja mwanayo amachita ngati akuwala."

Palibe anayang'ana a Efigénia. Iwo anadziwa kuti kusayang'anako nkoopsa kuposa kutukwana.

Kuyambira pamenepo mudzi unasintha. Madzulo amayi akamatsekera nkhuku ankamva kuti tswee kuseri kwa nkhokwe, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafulumira. Akazungulira sankapeza munthu, koma fungo la mazira owola. Agalu analeka kuuwa, ankangolowa pansi pa ngolo. Kenako anayamba kutuwa Faustino, mnyamata wamphamvu amene ankanyamula matumba panjinga ku Kalomwe. Tsiku lina njinga inamulemera, lotsatira khasu, pomaliza ngakhale bulangete. Atamuika m'manda, a Efigénia ananena kuchitsime kuti Faustino sanabwere nkomwe pakhonde paja ndipo Dulce sanamukhudzepo. Amayi anatunga madzi awo nkumapita ngati sanamve.

Mantha a mayiyu anali amodzi basi: amuphera mwana. Tsiku limene Dulce anapita ku Ulongwe kukaonetsa kamwala kake kwa ana a sekundariya, iwo anafwanthula m'chipinda mwake napeza kabokosi kaja. Anakamanga kunsonga ya chitenje kuti akakaponye kumtsinje. Dulce atabwera anadandaula kuti mpukutu wa fitakola sunaoneke chiyambire tsiku la pakhonde lija, mwakuti anachita kupempha wina kwa aprofesora a pasukulupo.

"Mpukutu wonse?" anafunsa a Efigénia.

"Ana anatenga, amayi. Nkanthu kachabe."

"Mawa ukwere shapa, kaminibasi ka ku Tete. Usabwerenso."

"Ndithawe chiyani? Ndalakwira ndani?"

"Ndakupempha, mwanawe. Ndagwira mwendo wako."

Dulce anavomera chifukwa chongowamvera chisoni, akupukusa mutu ngati munthu wotopa ndi ana.

M'mawa nkhungu isanachoke anatsika onse awiri ndi njira ya kudambo. Pamlatho wa mitengo anapeza amuna ataima, a Basilio patsogolo, maso ali psuu. Kumbuyo kwawo kunali amayi, ena ana ali kumsana. Anakhuthula chikwama cha Dulce pansi osapeza chimene ankafuna. Pokankhanakankhana chitenje cha a Efigénia chinamasuka, ndipo kabokosi kanagwera pamapazi pa a Basilio.

"Kabokosi aka nka ndani, alamu?"

A Efigénia anayang'ana mwana wawo, kenako anagwada m'matope.

"Nkanga. Ndine ndinamutuma. Mwanayu sadziwa kanthu, mulekeni akakwere shapa. Dércia ndadya ndine, Faustino ndine."

Khamu lonse linatembenukira kwa iwo, ndipo mumtima mwawo munazizira bwino. Anaona njira itatseguka kumbuyo kwa Dulce, yopanda munthu mpaka kumsewu. Akanangoyenda basi. Koma Dulce anali ataphunzitsidwa kuti chinthu chabodza sachisiya chilili.

"Amayi akunama! Kabokosi nkanga!" anakuwa, natola kabokosiko. "Mulibe mankhwala umu. Ndi fita wamba iyi. Taonani nokha!"

"Dulce, usatsegule!"

Anatulutsa fita yopinda ija, naigwira uku ndi uku, nkuimatula pamaso pa onse. Tswee!

Panalibe munthu pamlathopo amene anali asanamvepo phokoso limenelo kuseri kwa nyumba yake. Mayi wina anagwetsa mwana. Mwala woyamba anaponya ndi a Basilio, amene anamunyamulapo Dulce paubatizo wake. Yotsatirayo a Efigénia sanaione, chifukwa amuna awiri anawapanikiza nkhope m'matope. Anangomva mwana wawo akuitana "Amayi!" mpaka analeka.

Apolisi atabwera kudzafunsa, zinapezeka kuti mudzi wonse unali kumunda m'mawa umenewo. Kumaliro sikunabwere munthu, ngakhale wodzasonkha moto. Dzuwa litapendeka anangofika a Vitória okha, beseni lili pamutu. A Efigénia anawagwira manja akulira, kuthokoza kuti m'mudzi monse mwatsala munthu mmodzi wamtima.

Analowa onse awiri m'chipinda mmene munagona Dulce. A Vitória anaika beseni pansi nakwinya manja a bulauzi. Pamkono pawo, pamwamba pa korona wopempherera, panali mpukutu wa fitakola, atauvala ngati chibangili. Unali utatha kwambiri. M'chipindamo munadzaza fungo la mazira owola.

"Mwana wanu anali mphunzitsi wabwino, amake Dulce," anatero a Vitória akufinya nsalu. "Kale tinkavutika, kudikira munthu afe, kukafukula manda, msana kuwawa. Pano timangosenda pang'onopang'ono, mwini wake akuyenda."

A Efigénia anatsegula pakamwa kuti akuwe.

"Kuwani," anatero a Vitória mokoma mtima. "Kawauzeni. Koma si inu munagwada pamlatho paja nkuvomera pamaso pa onse kuti ndinu mfiti?"

Anawasisita pakhosi ngati owapepesa. A Efigénia anamva kanthu kozizira katamata kumbuyo kwa khutu, kenako kuti tswee. A Vitória anayang'ana fitayo powala pa zenera, naipinda bwinobwino monga ankachitira Dulce, nkuisunga m'bulauzi.

"Tandiuzani," anatero akuyamba kusambitsa nkhope ya mtsikanayo, "ku Ulongwe fitakola amagulitsa sitolo iti? Yangayi yatsala pang'ono."